Mmene Fabiano Adasudzulira Mlamu Wake Ali Kunyanja ya Mchere

Fabiano Ndau adabadwira m'mudzi wa Ndembo, kumtunda kwa Lizulu, komwe mwana amadziwa kukwirira mbatata ya kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. Sukulu adalekezera sitandade faifi. Adali wamfupi, wa mapewa otambasuka, wosakonda zoyankhulayankhula. Anzake a kudimba ankamutcha Chitsa, chifukwa akakana chinthu, ngakhale mutamangirira ng'ombe ziwiri simukadamusuntha.

Kwa mayi ake adabadwa atatu: oyamba a Maness, kenaka Fabiano, ndipo chitsirizira adali Lufina. Malume awo atamwalira, umwini mbumba udagwera Fabiano akadali wamng'ono, pakuti mwamuna wina m'banjamo mudalibe. Choncho pamene Elson Gama wa ku Nsipe adabwera kudzafunsira Lufina, nkhoswe adali Fabiano. Ndiye adamulozera malo omangapo nyumba, ndiyenso adamuyendetsa m'malire a munda wa Lufina, monga achitira ndi mkamwini aliyense.

Elson sadali waulesi, pamenepo tisamunamizire. Ankalawirira kumunda nkhuku zisanatsike, ndipo m'zaka zinayi adagula ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Vuto lake lidali lakuti kachewere ankamuona ndi maso awiri, koma munthu ndi diso limodzi. Adalinso ndi pakamwa. Pamowa ankafuna kuti anthu aseke basi, ngakhale wosekedwayo akhale mbale wake.

M'chaka cha 2003, banja lake litatha, Fabiano adakwera basi ya ku Joni. Adapeza ntchito ya m'galadeni ku Benoni, kwa azungu awiri okalamba, ndipo ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Ankatchetcha kapinga, kudulira maluwa, kusambitsa agalu, kutsuka galimoto. M'zaka khumi adabwera kumudzi katatu kokha. Anthu a kumudzi amaganiza kuti aliyense wa ku Joni amadya nyama tsiku ndi tsiku, Lamulungu n'kukasamba kunyanja. Ku Benoni kulibe nyanja. Madzi ambiri amene Fabiano ankawaona ndi a m'damu losambiramo la abwana ake, ndipo yake ntchito pamenepo idali yovuula masamba ndi kaukonde ka pa ndodo.

Mu Epulo wa 2013, nthawi yokumba kachewere, Lufina adanyowa ndi mvula kumunda. Adayamba kutentha thupi ndi kumva kubaya m'nthiti. Adagona masiku asanu. A Maness ankapempha mlamu wawo m'mawa uliwonse kuti amange ngolo apite naye kuchipatala, koma Elson ankangoti mawa, pakuti malole a ogula adali atandandalika pa Lizulu ndipo ngoloyo inkapita kawiri pa tsiku. Tsiku lachisanu adavomera. Lufina adatsirizikira panjira.

Fabiano adamva patapita masiku anayi chiikire maliro. A Maness adapeza nambala yake pa kalata yakale, nabwereka foni kwa aphunzitsi. Foniyo idalira iye ali pamakwerero, akudulira mpanda.

"Achimwene, bwanji simudabwere?"

"Kubwera kuti, achemwali?"

Apa m'pamene onse awiri adazindikira kuti Elson sadaimbe foni. Iye ndiye adali ndi nambala, ndipo adali atauza anthu kuti waimba kasanu koma ku Joniko sakuyankha. A Maness adalira kaye, kenaka adafotokoza za masiku asanu aja ndi za ngolo. Adanenanso kuti adzukulu okumba manda atafunsa ngati kuli koyenera kudikira mwini mbumba, Elson adayankha anthu onse akumva kuti, "Tidikire ndani? Munthuyo ali ku Joni, akusambira m'nyanja ndi azungu ake. Kumbani." Ena mwa adzukulu adabisa nkhope kuti asaoneke akuseka pamaliro.

Fabiano adatsika pamakwerero, nakhala pa ndowa yovundikira. Atakhala pang'ono adakweranso, natsiriza mpandawo. Abwana ake aakazi atamva adamuuza kuti apite kwawo, koma iye adakana. Kwa mnzake wina wa ku Dedza adanena kuti, "Ndikapita tsopano, ndikapha munthu." Sadaimbire Elson, sadatumize mawu aukali, ndipo kumudzi ena adayamba kunena kuti Joni idamuumitsa mtima. Iye ankangodikira, chifukwa ankadziwa mwambo wa kwawo.

Mwambowo ndi uwu. Mkamwini mkazi wake akamwalira sangonyamuka n'kukakwatira kwina. Amakhalabe pamudzipo, womangika, mpaka eni mbumba atamusudzula. Amafulula mowa, abale a mbali zonse n'kusonkhana, mwini mbumba n'kunena mawu omumasula, ndipo mkazi wamkulu wa m'banjamo amamupaka ufa paphewa. Pamenepo ubale watha: atenge zake azipita, nyumba ndi munda zitsalire ana. Mwamuna wosasudzulidwa, banja lodzilemekeza silimulandira. Amati akadali wa mwini, ndipo angabweretse tsoka la malemu m'nyumba yatsopano. Pa mbumba ya Lufina, wonena mawuwo adali mmodzi yekha.

Padapita chaka ndi miyezi inayi. Tsiku lina Lamulungu masana, Fabiano akuchapa ovolosi yake, foni idalira.

"Alamu, muli bwanji kumeneko? Mwatitayatu."

"Ndani?"

"Ndine Elson, alamu. Mawu anga mwaiwala?"

"Kani nambala yanga muli nayo?"

Elson adatsokomola, nayamba kufunsa za nyengo ya ku Joni ndi mtengo wa njinga. Atazungulira mokwanira adafika pa nkhani. Adati moyo wa yekha wamulemera, ana awiri amene Lufina adasiya akufunika dzanja la mayi, ndipo wapeza munthu.

"Ngwa kuti?"

"Wa ku Kasinje, dzina lake Loyce. Anthu olima mpunga, aulemu ndithu. Koma malume ake, a Hilary, ndi munthu wovutirapo. Akuti sangamve za m'maluwa, akufuna adzaone ndi maso awo kuti ndasudzulidwa."

"Adzabwera okha pamudzi?"

"Atero. Ndiye ndimati, alamu, ngati Disembala uno mungapeze mpata..."

"Adzabwere," adatero Fabiano. "Adzabwere ndi abale awo onse amene angathe. Fululani mowa wokwanira. Loweruka loyandikira Khirisimasi ndidzakhala nditafika."

Limeneli lidali bodza, ndipo Fabiano adalinena akudziwa. Ngakhale a Maness adawanamiza. Iwo adayamba kunyika chimera Disembala atangolowa, mwezi umene chimanga chimakhala chitatha m'nkhokwe zambiri. Elson adagula mbuzi, ndipo ku tchalitchi cha ku Kasinje adalengeza ukwati kawiri.

Abwana atamupatsa tchuthi cha masabata awiri, adafunsa ngati amuperekeze ku basi ya ku Malawi. Fabiano adati ayi, akupita ku Durban.

"Kuli abale?"

"Kulibe. Ndikukaona nyanja."

Adanyamuka Lachitatu m'mawa ndi kachikwama kamodzi. M'basimo mudali mabanja okhaokha, ana akuimba, amayi akugawana nkhuku yokazinga. Iye adakhala pawindo, chikwama pamiyendo. Dzuwa litapendeka basi idatsetsereka m'mapiri a nzimbe, mpweya udayamba kulemera ndi kunyowa, ndipo kutsogolo kudaoneka chinthu chotuwa, chotambalala, chimene poyamba adachiyesa mitambo. Mayi wokhala naye pafupi adamugunda ndi chigongono, namulozera. Fabiano adangogwedeza mutu.

Adapeza chipinda m'nyumba ina yogona alendo, misewu itatu kuchokera kugombe. Mudali bedi, mpando umodzi ndi fani yolira ngati chigayo chakutali. M'mawa mwake adapita kunyanja atavala thalauzi yakuda, shati ya manja aatali ndi nsapato zake za kutchalitchi. Adayenda pamchenga ngati munthu woyendera munda wa eni. Anthu adali ngati nyerere, ena atagona chagada padzuwa, ena akuthamangitsana ndi mafunde, ena akutunga madzi m'zigubu kuti apite nawo kwawo. Akuluakulu a kumudzi ankanena kuti makolo a Angoni adachokera cha kumeneko, koma Fabiano sadapitire zimenezo. Adaima nthawi yaitali akuyang'ana madzi amene sadali ndi tsidya. Chidamudabwitsa n'chakuti kudalibe mphepo yamphamvu, koma madziwo sankapuma, ankangobwera ndi kubwerera, akulira ngati malole odzaza akutsika phiri.

Masana adagula kabudula wofiira ndi thaulo kwa mayi wina wa m'mbali mwa msewu. Adavulira kuseri kwa chimbudzi, akuchita manyazi ndi miyendo yake yotuwa. Kusambira sankadziwa, mitsinje ya kwawo imalekeza m'mawondo. Adalowa pang'onopang'ono mpaka madzi adafika m'ntchafu, ndipo ali chiimire, funde lidamumenya pachifuwa, lidamugwetsa, lidamukunkhuniza pamchenga ngati thumba logwa m'ngolo. Adadzuka akutsokomola, mchere uli m'mphuno ndi m'maso. Bambo wina wolondera osambira adamulizira wezulo, namulozera kuti azisamba pakati pa mbendera ziwiri, pamene pali anzake. Ana ena adamuseka. Fabiano adalavula, napita pakati pa mbenderazo, nalowanso. Adali atatsimikiza kuti pofika Loweruka akhale atasambadi m'nyanja, kuti mawu amene Elson adanena pamaliro asakhalenso bodza.

Lachisanu adathimitsa foni. Adadya tchipisi ndi nsomba atakhala pa benchi, mbalame zoyera zikumuzungulira. Adayenda pa mlatho wautali wolowa m'nyanja umene anthu amawedzerapo, nawerenga sitima zisanu ndi ziwiri zitaima kutali. Palibe amene adamufunsa dzina. Chibadwire adali asanakhalepo tsiku lathunthu wopanda chogwira m'manja, ndipo manjawo ankamusowetsa mtendere, ankangowapinda ndi kuwatambasula. Adaganizako za a Maness, amene nthawi imeneyo adali atayang'ana kumsewu, akudzuka pakamveka galimoto iliyonse. Chisoni chidamugwira, koma foni sadayatse.

Loweruka adalawirira kugombe, napeza malo pafupi ndi madzi. Adayala thaulo, nasamba kamodzi, nakhala pansi kabudula ali chinyowere. Itakwana teni koloko adayatsa foni, ndipo isanathe mphindi idalira. Idali nambala ya Elson, koma mawu adali a Maness.

"Achimwene, muli pati? Basi yafa? Anthu adzaza pano kuyambira m'mawa, a ku Kasinje adagona konkuno."

"Dulani, achemwali, ndiimba ine. Nkhaniyi ndi yaitali."

Adaimba. A Maness adayankha msanga.

"Muli pa Dedza kapena?"

"Ndili ku Durban."

"Kumeneko ndi pati? Mwadutsa boda?"

"Ndi ku Joni konkuno, kunyanja. Sindidakwere basi."

Fabiano ankamva phokoso la anthu kumbuyo, mbale zikugundana, mwana akulira.

"Fabiano," adatero a Maness, ndipo aka kadali koyamba kumutchula dzina chikulire, "ine ndapsa manja sabata yonse ndi mowa umenewu. Anthu ndiwauza chiyani? Mwativula pagulu."

"Ndikupepesani pambuyo. Panopa pitani pamene pakhala akuluakulu, foniyo muiike pa laudi, muiike pa mpando pakati pawo. Alamu akhale pafupi. A ku Kasinje akhalenso pafupi."

Padamveka kuyenda, kunong'onezana, kukokedwa kwa mipando. Kenaka mawu a Elson adatuluka, akuyesa kuseka.

"Alamu, mwatani kodi? Akuti mwatsalira?"

Fabiano adaimirira, nayenda mpaka madzi adamufika m'akakolo, natambasula dzanja la foni kuloza kumene mafunde ankasweka. Adaligwira choncho mafunde atatu. Kenaka adaibweza kukhutu.

"Mwamva chimenecho, alamu?"

"Netiweki ikuvuta, kukungomveka phokoso."

"Si netiweki. Ndi nyanja. Mudauza adzukulu kuti asandidikire chifukwa ndikusambira m'nyanja. Tsiku limenelo ndidali pamakwerero ndi chisizasi. Lero ndiye ndikusambiradi. Ndafuna muone ngati munthu wosambira m'nyanja amadikirika kapena ayi."

Wina pagulupo adati "hmm" motalika. Elson adasekanso, koma kuseka kwake kudatuluka kopyapyala.

"Aa, alamu, zija zidali za chisoni chabe. Munthu ukaferedwa pakamwa pamathamanga. Zimenezo tikadakambirana patokha. Pano pali alendo."

"Alendowo ndi amene ndikuwafuna. A Hilary alipo?"

"Ndilipo, bambo," adayankha mawu okhuthala, odekha. "Tikumva."

"Pepani pokulandirani ndili kutali. Ndine mwini mbumba, ndipo mawu omasula bambo amenewa ali m'kamwa mwangamu. Nditha kuwanena pompano, achemwali anga n'kupaka ufa, mwambo n'kutha. Koma ayambe ayankha mafunso anga, inu mukumva. Akakana, tchuthi changa china ndi Disembala wa chaka chamawa, ndipo nyanjayi ndayamba kuikonda."

"Funsani," adatero a Hilary. "Ife tabwera kudzamva."

"Alamu, mlongo wanga adagona masiku angati?"

"Ndi kale, alamu. Awiri kapena atatu."

"Achemwali?"

"Asanu," adatero a Maness, mawu ali pansi.

"Alamu, angati?"

"Asanu."

"Masiku asanu amenewo ngolo idali yothyoka?"

"Ayi."

"Ng'ombe zinkadwala?"

"Ayi. Koma alamu, mukudziwa inu nomwe mmene kachewere amachitira. Ukakumba sadikira. Ndipo tinkamupatsa mapanado, ankaoneka ngati akupezako bwino. Ndani akadadziwa?"

"Sindidafunse za panado. Ngolo inkapita kuti?"

"Pa Lizulu."

"Kangati pa tsiku?"

"Kawiri."

"Nenani mokweza. Kuno kuli phokoso la madzi."

"Kawiri."

"Atamwalira, mudandiimbira kangati?"

Fabiano adamva munthu wina wamkulu, mwina wa kwawo kwa Elson, akunena kuti zakale zisiyidwe, madzi akatayika saoleka. A Hilary adamudula mwaulemu kuti amusiye mwini wake ayankhe.

"Sindidaimbe," adatero Elson.

"Chifukwa?"

"Ndinkaopa."

"Munkaopa chiyani?"

"Mafunso omwewa."

Fabiano adali atakonza mafunso amenewa kwa chaka ndi theka, akutchetcha kapinga, ndipo apa adali atatha. Adatsegula pakamwa kuti atsirize mwambo, koma a Maness adamutsogolera. Mawu awo sadalinso apansi.

"Poti zayambika, zithe. Achimwene, chilipo chimene sindidakuuzeni, ndinkaopa mungadzipweteke kuchilendoko. Afunseni alamu anuwa kuti tsiku lachisanulo Lufina adagona pa chiyani m'ngolomo."

Funde lidabwera, lidakumba mchenga pansi pa mapazi a Fabiano.

"Yankhani, alamu."

"Padali matumba pang'ono."

"Asanu ndi limodzi," adatero a Maness. "Ine ndidamutulutsa m'nyumba dzuwa likutuluka, ndamufunditsa bulangeti. Iwo adati ulendo usapite pachabe, chipatala ndi msika njira ndi imodzi. Tidadikira pakhonde mpaka atasoka matumba onse. Tidamugoneka pamwamba pa kachewere. Ng'ombe zinkalephera kukwera chitunda, ine ndikukankha kumbuyo, mng'ono wanga akundiyang'ana. Ndanama, alamu?"

"Simudaname."

Pafupi ndi Fabiano atsikana awiri ankajambulana, akuseka. Iye adatembenuka kuwapatsa msana. Adafuna kutukwana, adafuna kunena kuti munthu ameneyu akhale womangika mpaka imvi, afere m'nyumba yomweyo. Koma adakumbukira kuti mkamwini wosasudzulidwa amalimabe munda wa mkazi wake, amagonabe m'nyumba yake. Adapuma kawiri, mawu ake n'kubwerera m'malo.

"Achemwali, tengani ufa."

"Mukuti timumasule? Atatha kunena zimenezi?"

"Ndidalonjeza. Tengani ufa."

Adadikira mpaka a Maness atanena kuti aima pambali pa Elson. Kenaka adayankhula pang'onopang'ono, monga adamvera malume ake akunena kalekale.

"Inu a Gama, mudabwera pamudzi pano kudzakwatira mwana wathu Lufina. Mwana wathuyo adatisiya. Lero ife eni mbumba takusudzulani. Tengani khasu lanu, mphasa yanu, ng'ombe zanu ndi ngolo yanu. Nyumba ndi munda ndi za ana. Pitani kumene mtima wanu wafuna."

Pa mawu a mwambowo pamakhala chiganizo china chakuti, "tilibe nanu mlandu." Fabiano adachilumpha, ndipo akuluakulu onse adamva kuti wachilumpha. A Maness adapaka ufawo. Adanena pambuyo pake kuti sadapake, adachita kumenya nawo paphewa. Panthawi imeneyi amayi amayenera kululutira, koma palibe adalulutira.

Elson adakonza kukhosi. "Zikomo, alamu. Zikomo akuluakulu nonse. A Hilary, mwaona nokha. Ndamasuka."

"Taona," adatero a Hilary. Padamveka mpando ukukokedwa. "Taona, ndipo tamva. A Gama, mwana wathu Loyce amavutika ndi mphumu, makamaka nthawi yozizira. Ndipo kwathu ku Kasinje nthawi yozizira ndi imene timakolola mpunga. Ngolo imatanganidwa kwambiri."

"Bambo, zimenezo zidachitika kamodzi. Munthu amaphunzira."

"Amaphunziradi. Koma mukaphunzirire pa mwana wa wina. Ife tiyambepo, kwathu n'kutali ndipo kumwambaku kwada."

"Nanga ku tchalitchi? Alengeza kale kawiri."

"Kachitatu sadzalengeza. Ndikawauza ndine. Mayi, zikomo chifukwa cha malo ogona. Bambo a kunyanja, tsalani bwino."

"Muyende bwino," adatero Fabiano.

Adamva mapazi ambiri akuchoka, Elson akuwatsatira, akuitana dzina la a Hilary mobwerezabwereza mpaka mawu ake adazimirira. A Maness adatola foni pampando.

"Mudadziwa kuti zitha chonchi?"

"Ndinkayembekeza."

"Ana amva zonse. Adali pakhonde."

"Akadamva ndithu tsiku lina. Bola amvere kwa mwini wake."

"Nanga mowa wonsewu, ndi mbuzi yophaipha kale?"

"Anthu adye, amwe. Adzukulu aja muwapatse chipanda choyamba, aja adaseka."

A Maness adapuma mozama. "Inu ndinu chitsa ndithu. Kumanda kwa mlongo wanu mudzafika liti?"

"Pa Isitala. Ulendo uno sindikunama."

Atadula foni adakhala pa thaulo mpaka dzuwa lidamuwotcha mapewa. Sadasangalale monga ankaganizira. Nkhani ya matumba asanu ndi limodzi idamukhala pachifuwa, ndipo tsiku limenelo sadadye kanthu. Komabe akakumbukira mawu a Elson akuitana a Hilary kumsewu, mtima unkakhalako pansi, ndipo sadadzinamize kuti akumumvera chisoni.

Masiku a tchuthi adali akadalipo, ndipo adawakhala. Lolemba m'mawa adali pa mlatho uja, akuonerera mkulu wina akulimbana ndi nsomba pa mbedza, pamene foni idalira. Idali nambala ya Elson. Kumbuyo kunkamveka matayala a ngolo ndi mabelu a ng'ombe.

"Alamu, ndanyamuka. Ndikupita ku Nsipe kwa alongo anga. Kumeneko ndilibe ngakhale ndime imodzi. Mwandipha, alamu."

"Ulamu udatha Loweruka, a Gama. Mudali pomwepo."

"Chabwino. Koma chinthu chimodzi chokha. Kachewere ali m'mundamo ndidabzala ndine, mbewu yabwino, feteleza ndathira kawiri. Wayamba kale maluwa. Mundilole ndidzabwere pa nthawi yokumba."

Fabiano adayang'ana nsomba ija ikuphiriphitha pa simenti, mwini wake akuiponda kumutu kuti achotse mbedza.

"Ana adzakumba," adatero, nadula foni.